Kantina ya alamu anga, nyumba yachikasu ya ku Maputo, ndi chaka cha 1920

Alamu anga ali ndi kantina yakale pa kamsika kena kuno ku Angónia, imodzi mwa nyumba zija za khonde lalitali zimene amalonda a nthawi ya atsamunda anasiya. Khoma lakumbuyo linang'aluka, denga likudontha, ndipo iwo akufuna kuigwetsa kuti amange mashopu atatu a mabuloko. Mnzawo wina anawaopseza kuti nyumba zakale zonse n'za boma, akangoigwetsa awamanga. Ndiye anandiimbira foni usiku: "Alamu, inu mumawerenga zambiri, tandiuzani. Zoona boma lingandiletse kugwetsa nyumba yangayanga?" Ndinawapempha kuti adikire tikhale pansi, chifukwa yankho lake silikwana pa foni. Ndipo titakhala pansi ndinayamba ndi nyumba ina ya kutali, ku Maputo, imene nkhani yake ili ndi pafupifupi zonse zimene zimachitika nyumba wamba ikasanduka cholowa cha dziko.

Munthu wochokera kuno akatsika basi ku Maputo, atayenda makilomita oposa 1,500, maso amathamangira nyumba zosanjikizana. Imene ndikunenayi mukhoza kuidutsa osaiona. Ili kumunsi kwa mzinda kumene amati Baixa, m'mbali mwa bwalo la Praça 25 de Junho, pafupi ndi linga lakale la Apwitikizi. Ilibe nsanjika, ndi yopakidwa chikasu, ndipo dzina lake n'lomwelo, Casa Amarela. M'katimo lero ndi mosungiramo ndalama zakale, Museu Nacional da Moeda. Ife kuno timangoti museu monga Apwitikizi, abale athu a ku Malawi amati miziyamu.

Inamangidwa cha mu 1860, pamene Lourenço Marques, Maputo wa leroyu, anali kamudzi ka amalonda kozingidwa ndi madambo a udzudzu. Mwini wake anali Mmwenye wamalonda, yemwe mu 1873 anaigulitsa ku boma la Apwitikizi pa mapaundi 750. Kuchokera apo inasinthasintha ntchito. Bwanamkubwa anakhalamo, maofesi a boma analowamo n'kutulukamo, mzinda unakula n'kuisiya itakhala pansi ngati gogo pakati pa zidzukulu zazitali. Pa 15 June 1981 inatsegulidwa kukhala museu, pokondwerera chaka chimodzi cha metikali, imene inalowa m'malo mwa escudo pa 16 June 1980. Amene amaiyang'anira ndi a Universidade Eduardo Mondlane, ndipo imawerengedwa kuti ndi nyumba yakale kwambiri yomangidwa ndi khoma lolimba mu mzindawo.

Kamangidwe kake akatswiri amakatcha indo-português, ndiye kuti mamangidwe amene anabadwa pamene luso la amisiri a ku India, makamaka ku Goa, Damão ndi Diu, linakumana ndi zofuna za Apwitikizi. Kwa ife a m'chigwa cha Zambezi zimenezi si zachilendo. Mpaka mu 1752 madera onse amene Apwitikizi anali nawo ku Mozambique ankalamulidwa kuchokera ku Goa, ndipo eni ambiri a maprazo, minda ikuluikulu ya nthawi ya atsamunda ku Tete ndi ku Sena, anachokera komweko. Banja la a Pereira, limene linalamulira ku Macanga kwa mibadwo ingapo, muzu wake unali ku Goa.

Chinsinsi cha nyumba zoterezi chili m'khoma. Khoma lochindikala, lomangidwa ndi njereza yosakaniza ndi mchenga, limamwa kutentha pang'onopang'ono. Dzuwa likamaswa mtengo masana, m'kati mumakhala mozizirira, chifukwa kutenthako kukadali pa ulendo m'khomamo. Kumadzafika m'kati madzulo kunja kutayamba kale kuzizira, ndipo munthu akatsegula mazenera kumatuluka. Denga limakhala kutali ndi mutu kuti mpweya wotentha ukwere. Mazenera sakhala aakulu mopambanitsa. Pamene pali khonde, ntchito yake si yongokhalapo alendo: limatchinga khoma ku dzuwa ndi ku mvula. Aliyense amene anagonapo mu mzinda wa Tete mu October kapena November, kutentha kutadutsa madigiri 40, m'nyumba ya mabuloko opyapyala ndi malata opanda siling'i, akudziwa chifukwa chake anthu amatulutsa mphasa n'kugona panja. Amisiri akale aja analibe magetsi, choncho nzeru zonse zoziziritsira nyumba anaziika m'khoma ndi m'denga.

Ku Maputo komweko kuli nyumba ina imene imaonetsa mbali yachiwiri ya phunziroli. Casa de Ferro, nyumba yachitsulo, inabwera pa sitima yapamadzi kuchokera ku Belgium ili zidutswazidutswa, n'kulumikizidwa mu 1892 kuti bwanamkubwa azikhalamo. Sanakhalemo, chifukwa cha kutentha. Nyumba zonse ziwirizi lero n'zotetezedwa, ndipo ndi bwino kutero: ina imatiphunzitsa kumanga momvera nyengo, inayo imationetsa zimene zimachitika nyengo ikanyozedwa.

Nanga kuno kwathu? David Livingstone atafika ku Tete mu March 1856 anawerenga nyumba za Azungu pafupifupi 30. Analemba kuti zinali za miyala yomatidwa ndi dothi m'malo mwa njereza, zofoleredwa ndi bango ndi udzu, ndipo mvula inali itakokolola dothi la pakati pa miyalayo moti makoma ankaoneka okakala. Nyumba zina zonse zinali za anthu akuda, za mitengo ndi dothi. Mfundo imeneyi muisunge, tibwererako. Ikusonyeza kuti ngakhale nyumba za olemera a ku Tete zinkakhala ndi moyo pokhapokha wina akamazimata ndi kuzifolera chaka ndi chaka, monga momwe amayi athu amazirira nyumba chilimwe chilichonse.

Nyumba ikasanduka museu imasenza akatundu awiri amene sagwirizana nthawi zonse. Imakhala chotengera cha zinthu zakale, komanso iyo yomwe imakhala chinthu chakale chofunika kusungidwa. Wosunga zinthu amafuna mazenera otchinga kuti dzuwa lisasuluke nsalu ndi mapepala, amafuna zitsulo zotchinga akuba, mawaya a magetsi, zimbudzi za alendo, polowera anthu oyenda pa njinga za olumala. Wosamala nyumba amanjenjemera akaona munthu wanyamula chobowolera khoma. Akatseka mazenera onse n'kuika makina oziziritsa, khoma limene linazolowera kupuma limayamba thukuta. Choncho funso loyamba silikhala lakuti nyumbayi ndi yokongola kapena ayi, koma lakuti ingasunge chiyani popanda kuivulaza. Apa a Casa Amarela anasankha mwanzeru. Ndalama n'zazing'ono, zambiri n'zachitsulo, zimakwana m'mabokosi agalasi, ndipo sizifuna kuti munthu agumule khoma kuti akuze chipinda.

Chimene chinandigwira mtima nditalowamo sichinali makobiri a mayiko akutali ayi. Anali makasu. Kale, mapepala a ndalama asanabwere, khasu linali ndalama, mkanda unali ndalama, mkuwa woumbidwa ngati mtanda unali ndalama. Makolo athu a Chimaravi anali osula odziwika, ndipo makasu awo ankatsikira ku Tete n'kupitirira. Ngakhale dzina lakuti metikali linachokera ku muyeso wa golide wa Aluya, umene unkagwira ntchito pa malonda a golide wa fumbi m'misika ya m'chigwa cha Zambezi, monga ku Zumbo ndi ku Tete. Ndinaima m'nyumba ya Mmwenye, imene bwanamkubwa wa Chipwitikizi anakhalamo, ndikuyang'ana mbiri ya agogo anga. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuganiza kuti nyumba zoterezi n'za eni ake.

Tsopano lamulo, poti n'limene alamu anga ankafuna. Lamulo lalikulu loteteza cholowa cha chikhalidwe m'dziko muno ndi Lei 10/88, la pa 22 December 1988. Taonani chakacho: nkhondo inali pakati, anthu a ku Angónia ndi Tsangano ambiri anali othawa kwawo ku Dedza ndi ku Ntcheu, koma nyumba ya malamulo inapeza nthawi yoganiza za makoma akale. Lamuloli likuti chinthu chimasanduka chotetezedwa nduna za boma zikachilengeza. Koma lisanadikire zimenezo, linatchuliratu magulu ena kuti ndi otetezedwa kuyambira tsiku lomwelo. Ena mwa iwo ndi awa: zinthu zakale zofukulidwa pansi, mabezi akuluakulu a Frelimo a nthawi ya nkhondo ya ufulu, ndi nyumba iliyonse imene inamangidwa chaka cha 1920 chisanafike.

Mawu akuti iliyonse ndiwo olemera. Sipafunika chikwangwani pakhoma, sipafunika mwambo wodula riboni. Ngati nyumba yanu inamangidwa mu 1915, ndi yotetezedwa kale, kaya mukudziwa kapena ayi. Koma kutetezedwa si kulandidwa, ndipo apa m'pamene mnzawo wa alamu anga anasokoneza. Nyumba imakhalabe ya mwini wake. Chimene chimasintha n'chakuti mwiniyo amasanduka chimene lamulo limatcha depositário, ife tingati msungi. Msungi ayenera kuisamala, ayenera kudziwitsa akuluakulu ikaonongeka kapena chinthu chikabedwa, ndipo sangaigwetse, kuisintha, ngakhale kuikonza mwakuya popanda chilolezo. Zili ngati mkulu wa banja amene wasiyiridwa ng'ombe za ana amasiye. Akama mkaka, alimira, koma sangazinge ng'ombe n'kugulitsa nyama pa msika.

Mu 2016 panatuluka malamulo ena ofotokoza mwatsatanetsatane, Decreto 55/2016, amene amaika nyumba ndi malo otere m'magulu, kuyambira A+ kutsika mpaka D. Gulu likakhala lapamwamba, zololedwa kusintha zimachepa. M'magulu apansi munthu angathe kukonza m'kati kuti mugwirizane ndi ntchito yatsopano, bola maonekedwe amene akupangitsa nyumbayo kukhala yofunika asatayike. Nzeru yake ndi yomveka: si nyumba yakale iliyonse imene iyenera kuumitsidwa ngati chithunzi.

Tikabweretsa mzere wa 1920 kuno ku chigawo cha Tete, ena amalowa, ena amatsala kunja. Linga la São Tiago Maior mu mzinda wa Tete likulowa. Misioni ya São José ya ku Boroma, imene ansembe a Chijezuiti anayambitsa m'ma 1880 ndipo ili pa phiri loyang'ana Zambezi, makilomita pafupifupi 25 kumtunda kwa mzinda, ikulowa. Ku Lifidzi nkhani ndi yovutirapo: misioniyo inayamba mu 1909, koma misioni imakula pang'onopang'ono, ndipo nyumba iliyonse iyenera kufufuzidwa chaka chake payokha. Ku Fonte Boa, kumene misioni inayamba mu 1945, mzerewu sufikako. Mlatho wa Samora Machel, umene injiniya Edgar Cardoso anajambula ndipo unatsegulidwa mu 1973, uli kunja. Mashopu ndi maofesi ambiri a Vila Coutinho, Ulóngwe wa lero, nawonso ali kunja. Zotsalira kunjazi sikuti sizingatetezedwe, koma pamafunika kuti wina azitchule, azilembe mbiri, n'kupempha kuti boma lizilengeze.

Ine vuto langa ndi mzerewu lili pena. Ndani ankamanga ndi miyala ndi njerwa 1920 isanafike? Boma la atsamunda, amisioni, eni maprazo ndi amalonda. Makolo athu ankamanga ndi nsichi, dothi ndi tsekera, ndipo nyumba yotere siimangidwa kuti ikhale zaka 100. Chiswe chikadya nsichi ankamanga ina pambali. M'midzi yambiri ya Achewa mwini nyumba akamwalira nyumbayo inkagwetsedwa mwambo wa maliro ukatha. Ife sitinkasunga khoma. Tinkasunga malo, monga bwinja, manda, kachisi ndi dambwe, komanso luso la m'manja. Choncho lamulo limene limawerenga zaka za khoma limaona Mpwitikizi mosavuta, koma Mchewa ndi Mngoni limawafufuza ndi nyali. N'zoona kuti Lei 10/88 imatchulanso cholowa chosagwirika ndi manja, ndipo Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005 m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia. Koma luso lofolera denga la udzu losadontha, kapena loluka nkhokwe, ndani akulilemba? Amisiri ake akutha mmodzimmodzi.

Pali zitsanzo zosonyeza kuti n'zotheka. Chilumba cha Ilha de Moçambique chitalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1991, sanatenge mbali ya miyala ndi njereza yokha, kumene kuli Palácio de São Paulo, nyumba imene inayamba mu 1610 ngati sukulu ya Ajezuiti, n'kukhala nyumba ya abwanamkubwa mpaka likulu litasamukira ku Lourenço Marques mu 1898, ndipo lero ndi museu. Anatenganso mbali ya macuti, kumene anthu wamba amakhala m'nyumba zofolera ndi masamba a kokonati. Ku Nwadjahane, m'chigawo cha Gaza, kumene Eduardo Mondlane anabadwira mu 1920, mudzi weniweniwo ndiwo unalengezedwa kukhala cholowa cha dziko. Kumeneko chimene chikutetezedwa si kulimba kwa khoma koma zimene zinachitika pamalopo.

Ena amandifunsa mokwiya kuti n'kuvutikiranji ndi nyumba za anthu amene anatizunza. Funso limeneli ndimalilemekeza, chifukwa m'banja mwathu muli amene anapita ku chibalo osabwerako bwino. Koma tafunsani kuti anasenza miyalayo pamutu ndani, anaponda dothi la njerwa ndani, anadula mitengo ya phaso ndani. Dzina lolembedwa m'mabuku ndi la bwana, koma zala zimene zinadinda njerwazo n'za agogo athu. Tikagwetsa nyumbayo, mbiri ya bwana imatsalabe m'mabuku ku Lisboa. Imene imafafanizika ndi ya wosenza miyala, amene umboni wake unali khomalo basi.

Chimene chimapha nyumba yakale kawirikawiri si munthu wa chikwanje ndi nyundo. Ndi kusowa mwini womveka. Dziko lathu linadutsa m'zambiri m'kanthawi kochepa. Pa 24 July 1975 sukulu ndi zipatala, kuphatikizapo za mamisioni, zinatengedwa ndi boma. Pa 3 February 1976 nyumba za lendi nazonso zinatengedwa. Kenako kunabwera nkhondo, imene inatha pa 4 October 1992. Nyumba zambiri zinadutsa m'manja atatu kapena anayi, ndipo wokhalamo akamadziwa kuti si yake sakwera pa denga kukakhoma msomali. Lata limodzi likasasuka, madzi amalowa pamutu pa khoma. Phaso limawola, chiswe chimakwera, mileme imalowa, mbalame imasiya njere ya kachere m'mng'alu, ndipo pakatha mvula zingapo mizu yake imang'amba khoma limene linaima zaka 100. Nyumba yotsekedwa imafa msanga kuposa yogwiritsidwa ntchito. Amene mumadutsa pa Zóbuè kupita ku Blantyre mukaone Mandala House, ya mu 1882, ya njerwa ndi khonde lozungulira. Ili chiimire chifukwa muli anthu tsiku ndi tsiku: m'mwamba muli laibulale ya Society of Malawi, pansi anthu amamwa khofi ndi kuona zojambula. Wina akaona dontho lero, mawa lakonzedwa.

Mdani wachiwiri ndi wovuta kumuneneza chifukwa amabwera ndi mtima wabwino. Ndi simenti. Khoma la njereza kapena la dothi limakoka chinyontho kuchokera pansi n'kuchitulutsira kunja, ndipo limasuntha pang'ono nyengo ikamasintha popanda kusweka. Mukalipaka pulasitala wa simenti, kenako penti wa mafuta pamwamba, mwalitseka mphuno. Chinyonthocho chimasowa potulukira, chimakwera m'mwamba, mchere umene chimatenga m'nthaka umauma m'kati mwa njerwa n'kuzisandutsa ufa. Kunja kumaoneka kosalala, koma mukagogoda ndi chala pamalira ngati ng'oma, ndipo tsiku lina pulasitalayo amagwa chiphanthi chonse atatenga nkhope ya njerwa. Okonza nyumba zakale amatsata mfundo yakuti chomatira chikhale chofewa kuposa njerwa, kuti ngati china chiti chionongeke, chionongeke chomatiracho, chimene n'chosavuta kubwezeretsa. Amajambulanso nyumba yonse asanaikhudze, ndipo chatsopano chimene awonjezera amafuna kuti chidzathe kuchotsedwa osavulaza chakale. Njereza imachedwa kuuma ndipo amisiri ambiri a masiku ano sanaigwirepo, n'chifukwa chake thumba la simenti limapambana ngakhale pamene siliyenera.

Titatha zonsezi tinapita kukaiona kantinayo. Tinafunsa agogo awiri a pamsikapo, ndipo onse anakumbukira kuti inamangidwa iwo ali kale anyamata oweta ng'ombe. Kuwerengera zaka zawo, nyumbayo ndi ya m'ma 1950. Ndinawauza alamu anga mosabisa kuti mzere wa 1920 sukuikhudza, ndipo ngati sinalengezedwe mwapadera, chimene angafunse ku ofesi yoona za chikhalidwe ya m'boma lathu, chotsala ndi chilolezo wamba chimene aliyense amatenga pogwetsa kapena pomanga. Ndinawauzanso maganizo anga, poti anandifunsa. Mng'alu wa kumbuyo ukuchokera pamene madzi a denga amagwera patsinde pa khoma, si maziko amene alephera. Khoma lakutsogolo n'lolimba kuposa mabuloko amene akufuna kugula, ndipo pa khondelo m'pamene anthu a dera lonselo ankagulitsira chimanga ndi mbatatesi, n'kugula mchere ndi nsalu. Mashopu atatu akhoza kutuluka m'katimo ndi makoma opyapyala ogawa zipinda, kutsogolo kutatsala momwe kulili.

Sanandiyankhe tsiku limenelo. Anazungulira nyumbayo kawiri, akugogoda khoma ndi chala monga ndinawasonyezera, n'kuima nthawi yaitali pamene panalira ngati ng'oma, pomwe iwo eni anamata simenti zaka zisanu zapitazo. Sabata yatha anandiimbiranso. Za kugwetsa sanazitchule, ndipo ine sindinafunse. Anangoti agula malata 12 ndi ngalande ya madzi ya kumbuyo, ndipo akufunafuna mmisiri wachikulire amene amadziwa kusakaniza njereza, kuti ayambe mvula yoyamba isanagwe.